Funsani Amalume: Chisanu chalowa, zala zikuuma pa handulo

Mwezi uno mauthenga ambiri amene mwanditumizira akukamba nkhani imodzi, kuzizira pa njinga yamoto, ndipo ochuluka achokera ku Mchinji ndi ku Kasungu. Ndasankhapo angapo, ena ndawadula pang'ono chifukwa anthu inu mukayamba kulemba simupuma.

FUNSO: Amalume, ine ndimapanga kabaza pa Kamwendo, njinga ndi ya abwana ndimangopereka ya tsiku. Ndimadzuka cha m'ma 4 koloko chifukwa makasitomala abwino ndi a m'mamawa, azimayi a geni opita pa boma ndi ena othamangira ku boda ya Mwami. Vuto ndi manja. Ndikangoyenda pang'ono zala zimauma gwa moti tsiku lina ngolo inangotulukira mumsewu, ndikuti ndigwire buleki zala osamva, ndinapulumukira wa kuphazi. Ndinagula magolovesi a ulusi aja pa msika koma palibe chasintha, anzanga pa siteji akuti ndisadandaule ndizolowera. Zoona ndizolowera?
Wakabaza, Kamwendo

YANKHO: Mphwanga, kuzolowera kulipo koma chimazolowera ndi mtima, umangosiya kudandaula basi, zala zokha zimaumabe chimodzimodzi. Nkhani ya ngoloyo usaitenge mwachibwana ayi. Pa njinga buleki amene amaimitsa kwenikweni ndi wakutsogolo, wa kudzanja lamanja, chifukwa ukamaima kulemera kwako, kwa kasitomala ndi katundu wake kumakankhira ku tayala lakutsogolo, wakuphaziyo ndi wothandizira chabe ndipo ukamuponda mwamantha tayala lakumbuyo limangotsetsereka. Nde zala zikachita dzanzi wataya buleki wamkulu, kuonjeza apo kilachi kumanzereko nayenso akufuna zala zomwezo.

Tiyambe ndi chimene chikukuumitsa. Mchinji ili pamtunda, cha m'ma mamita 1,200 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, nde mu Juni ndi Julayi m'mamawa kumatha kuzizira kufika pa madigiri 10 olo kutsika kuposa apo, ndipo nthawi yozizira kwambiri pa tsiku lonse ndi imene iweyo uli pamsewu, dzuwa litatsala pang'ono kutuluka. M'madambo ndiye usanene, usiku mpweya wozizira umatsetserekera kumunsi n'kukhazikika komweko, n'chifukwa chake ukamatsikira pa mlatho wa Bua umamva ngati wina watsegula filiji. Koma madigiri 10 munthu utangoima sangakuumitse zala. Chikukupha ndi mphepo imene ukuipanga wekha poyenda. Khungu limakhala ndi kampweya kofunda kolizungulira, mphepo ikabwera imakachotsa, thupi likafunditsa kena imachotsanso, choncho choncho mpaka kutentha kutha. Anthu a zanyengo anawerengera kale zimenezi: kunja kukakhala madigiri 10 iwe ukuthamanga makilomita 60 pa ola, khungu limamva ngati ndi madigiri 5. Chodabwitsa n'chakuti olo utsitse sipidi kufika pa 30 limamvabe ngati 7 kapena kuchepera pang'ono, kutanthauza kuti kuyenda pang'onopang'ono kumathandiza pa ngozi koma pa chisanu phindu lake ndi lochepa. Mankhwala ake ndi kutchinga mphepoyo isafike pa khungu.

Apa ndi pomwe magolovesi ako a ulusi akugwera. Ulusi ndi woluka, uli ndi timabowo paliponse, umafunditsa munthu amene wakhala pakhonde koma pa njinga mphepo imangodutsa. Usawataye, akhale amkati, pamwamba pake uvale ena osalowa mphepo, achikopa kapena a nsalu yoterera ija. Pa kaunjika mumatuluka magolovesi onenepa amene azungu amavala posewera pa chipale chofewa, anthu ambiri amawadutsa chifukwa sadziwa ntchito yake, amenewo ndiye ako. Koma uyese usanapereke ndalama. Kunga chibakera, kunsonga kwa zala kutsale kampata, chifukwa golovesi yothina imafinya mitsempha magazi osayenda bwino, umazizidwabe ngakhale wavala. Ukavala ukwere njinga ili chiimire uyese hutala, indiketa, buleki ndi kilachi, ngati ukufufuza batani osalimva nde kuti anenepetsa. Ena amagula a owotcherera zitsulo ku hadiweya, mphepo amatchinga bwino ndithu koma ambiri ndi ouma, ine sindiwakonda kwenikweni pokhapokha afewe kaye.

Tsono chimene anyamata ambiri pa siteji sadziwa ndi ichi, manja amayamba kuzizira chifukwa cha chifuwa. Thupi limafuna mkati mwake mukhale pa madigiri 37, nde likangoona kuti kutentha kukuthawa limachepetsa magazi opita ku zala, ku mapazi, ku makutu, n'kuwasungira mtima ndi mapapo ndi ubongo. Zala zimakhala zoyamba kumanidwa. Ndimaona anyamata atavala magolovesi abwino koma pathupi kamalaya kamodzi ndi chi rifulekita pamwamba, zipi yotsegula, nde akudabwa kuti manja sakufunda. Vala zopyapyala zingapo kusiyana ndi chijekete chimodzi chachikulu, vesiti, malaya, juzi, kenako pamwamba penipeni chinthu chosalowa mphepo olo ikhale renikoti, zipi mpaka pakhosi. Ngati jekete yako imalowetsa mphepo pinda nyuzipepala zakale uike pachifuwa mkati, osaseka, othamanga pa njinga zakapalasa mu mpikisano wa Tour de France akhala akuchita zomwezo kuyambira kalekale akamatsika mapiri. Pakhosi sikafu, koma nsonga zake zilowe mkati mwa jekete, sikafu yolendewera ikakodwa mu tcheni kapena mu sipoko ndi maliro amenewo. Ndipo uonetsetse pomwe pakumana golovesi ndi mkono wa jekete, pamenepo mitsempha ya magazi ili pafupi ndi khungu, pakatsala mpata mphepo imalowa mpaka m'khwapa. Golovesi ikwere pamwamba pa mkono wa jekete, ngati ndi yaifupi dula sokosi yakale kunsonga uvale ngati chibangili chachitali.

Koma ukandifunsa kuti Amalume ndili ndi ndalama zochepa ndiyambire pati, ndikuuza kuti chigubu. Tenga chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5, uchitsuke, uchidule pakati kutsika nacho kuti zituluke mbali ziwiri, iliyonse uiboole uimange pomwe pamangidwa galasi loonera kumbuyo, uilimbitse ndi malegeni kapena waya kuti ikhale kutsogolo kwa dzanja ngati chishango. Sizooneka bwino, ndikudziwa, atsikana pa siteji akuseka, koma kusintha kwake ukumva tsiku lomwelo chifukwa mphepo ikumenya pulasitiki m'malo mwa zala. Atelala okonza mipando ya njinga amathanso kukusokera timatumba ta lekizini tokhala ndi siponji mkati tovala pa handulo, dzanja umangolowetsa. Zonse ziwirizi zili ndi msampha umodzi womwe uyenera kuusamala: ukathamanga mphepo imakankha chigubu kapena kathumbako kubwerera m'mbuyo, kakagunda chogwirira buleki kamayamba kumanga buleki pang'onopang'ono iwe osadziwa, kumanzere kamakoka kilachi. Nde pasiyike mpata wokwanira ndipo chimangidwe molimba, ukhotetse handulo mbali zonse mpaka kumapeto uone ngati sichikugunda thanki, m'mphepete modulamo upalemo pasakhale pakuthwa, ndipo dzanja lizitha kutuluka msanga osakodwa. Njingayo poti ndi ya abwana uwauze kaye, usaboole kalikonse pa njinga yawo.

Zina ndi zazing'ono. Osafinya handulo ngati ikuthawa, kufinya kumatseka magazi, gwira momasuka ndipo pamsewu wowongoka uzisewera ndi zala. Zogwirira buleki ndi kilachi ndi zachitsulo, zimayamwa kutentha kwa zala, uzikulunge ndi kamphira kapena tepi koma mosaterera. Osanyamuka ndi njala, tiyi ndi mbatata olo chinangwa, thupi lopanda chakudya lilibe nkhuni zosonkhera. Ndipo zala zikayamba kusamva ima pambali, uzilowetse m'khwapa mkati mwa jekete, uzunguze mikono mpaka zibwerere. Kasitomala adandaula mphindi 3 zimenezo koma akafika.

FUNSO: Amalume, ine ndine bambo wachikulire ndithu, mlimi wa fodya kuno kwa Santhe. Nyengo ino ndimalawirira pa Lifo wanga kupita ku okushoni ku Chinkhoma kukaona mabelo. Chimene ndimachita, ndisananyamuke ndimamwako katoti kamodzi ka kachasu kuti thupi litenthe, ndipo panjira manja akauma ndimaima n'kugwira injini. Mayi akunyumba akuti ndikulakwitsa. Tiweruzeni.
Mlimi, Santhe

YANKHO: Bambo, mlandu uwu mayi awina, ndipo awina mbali zonse ziwiri. Kachasu amanamiza. Mukamwa, mitsempha ya pakhungu imatseguka, magazi ofunda amathamangira kunja, inu n'kumamva kutentha kumaso ndi m'manja, koma kutentha kumeneko kwachoka mkati ndipo pakhungupo mphepo ikukulandani. Pakapita kanthawi mumakhala mwazizira kuposa mukanapanda kumwa, chonsecho mowa womwewo wakugonthetsani kuti musamve kuti mukuzizira, komanso umachepetsa kunjenjemera komwe ndi njira ya thupi yodzitenthetsera. Kutentha kwa mkati kukatsika kuchepera madigiri 35 munthu amayamba kusokonezeka, kulankhula mokoka, kuodzera, ndipo iye mwini sazindikira. Onjezanipo kuti mukukalowa mu M1 nthawi ya msika wa fodya, malole odzaza mabelo ali piringupiringu, chifunga chili tolo, inu muli ndi katoti m'mutu. Apolisi apamsewunso akakununkhizani sadzamva zoti munkathamangitsa chisanu. Tiyi wotentha mu fulasiki amachita ntchito imene mukuifuna kwa kachasuyo. Ndipo ngati mumasutako fodya wanu yemweyo, dziwani kuti chikonga chimafinya mitsempha ya m'zala, ndudu ya m'mamawa musananyamuke ikuonjezera vuto.

Za injini, kuothera sikolakwika koma kugwira ndiye ayi. Dzanja lochita dzanzi silimva kutentha, mumazindikira mwapsa matuza atatuluka kale, ndipo paipi ya ekizozi pafupi ndi injini imatentha kupitirira kutali madzi owira. Imani pambali, zimitsani, muyandikize manja pafupi ndi injini magolovesi ali chivalire osakhudza chitsulo, ndipo ngati ndi a nailoni samalani amasungunuka n'kumatirira pakhungu. Chimodzimodzi ndi moto wa alonda kapena mbaula ya ogulitsa tchipisi, osalowetsa zala zouma pa lawi. Mukafika pakhomo madzi ofunda chabe, oti chigongono chikhalemo osadandaula, ndipo zala zikamabwerera zimabaya ndi kuwawa, zimenezo n'zabwinobwino musachite nazo mantha. Ngati muli ndi matenda a shuga ndiye musamale kawiri, chifukwa shuga payekha amapha kale kumva kwa zala ndi mapazi ndipo bala lake limavuta kupola.

FUNSO: Amalume, ndine mayi, mlangizi wa zaulimi, ndimayenda pa njinga ya kuntchito kuchoka pa Kasungu boma kupita m'midzi ya kwa Chulu. Ine zanga ndi zosiyana ndi za anzanga. Olo ndivale magolovesi awiri zala zitatu zimayera mbee ngati mulibe magazi, kenako zimada, zikamafunda zimafiira n'kumawawa koopsa. Ngakhale pochapa ndi madzi ozizira zimachitika. Ena akuti ndi kuchepa magazi, apongozi anga akuti wina anandiponda.
Mlangizi, Kasungu

YANKHO: Achemwali, palibe anakupondani, apongozi muwauze mwaulemu. Sindine dokotala ndipo munthu sapimidwa pa kalata, koma mmene mwafotokozeramu, kuyera kenako kuda kenako kufiira, zala zina zokha osati dzanja lonse, zikufanana kwambiri ndi vuto lotchedwa Raynaud. Dzinali ndi la dokotala wa ku France, Maurice Raynaud, amene analifotokoza mu 1862. Timitsempha ta m'zala timadzidzimuka ndi kuzizira n'kutsekeka kopitirira muyeso, pena ngakhale ndi nkhawa chabe, ndipo limagwira amayi kwambiri kuposa abambo. Kunjenjemera kwa handulo pa misewu yafumbi ya mabampu ngati imene mumayendayo kumathanso kuliputa.

Kwa ambiri silioopsa, limangosautsa, koma kwa ena limabwera ndi matenda ena a m'thupi, nde pitani ku chipatala cha boma pa Kasungu pompo mukafotokoze. Langizo langa, zikadzayeranso mujambule pa foni, chifukwa pofika kwa adokotala zala zimakhala zabwerera kale ndipo mumaoneka ngati mukungokamba nthano. Akayezenso magaziwo ndi shuga kuti nkhani ya kuchepa magazi ithe. Mankhwala othandiza kutsegula mitsempha alipo, ena ndi omwe amaperekedwa pa BP, koma osakagula nokha ku famase. Mukaona tizilonda kunsonga kwa zala, kapena chala chakhala choyera osabwerera, kapena dzanzi likupitirira ngakhale mu Okutobala kukutentha, musadikire tsiku la msika.

Pa njingapo zonse ndamuuza mnyamata wa pa Kamwendo zikukukhudzani, koma inu muonjeze ichi: magolovesi muziwavala muli m'nyumba manja akadali ofunda, osati mutatulutsa kale njinga ndi kugwira zitsulo ndi loko wozizira. Golovesi siipanga kutentha, imangosunga komwe kulipo. Ndipo ngati ntchito ikulola kambiranani ndi akuluakulu anu kuti miyezi iwiri iyi muzinyamuka dzuwa litakwera, alimi ake nawonso m'mamawa wa Julayi sasonkhana msanga.

FUNSO: Ankolo, ndaona pa YouTube zogwirira za pa handulo zotenthetsa ndi magetsi. Braz wanga ali ku Johannesburg akuti atha kunditumizira. Zingagwire pa King Lion?
Mfana wa pa Mkanda

YANKHO: Kugwira zigwira aise, njinga zathuzi ndi za 12 volts ndipo handulo yake ambiri ndi ya mamilimita 22, umuuze braz wakoyo asagule saizi ina. Koma funso ndi lakuti batire ikwanitsa? Zogwirira zimenezi zikatsegulidwa mwamphamvu zimakoka magetsi ambiri, ma amp (muyeso wa magetsi oyenda mu waya) atatu kapena anayi, pomwe tinjinga tating'onoti tili ndi kabatire kosunga magetsi ochepa, ka 5 kapena 7 Ah, ndipo chotchajira chake anachipangira nyale, hutala ndi indiketa basi. Nanga inu anyamata mwaonjeza kale ma sipika, timagetsi ta buluu pansi ndi potchajira foni, pamenepo china chake chigonja. Ngati wafunitsitsa, apange ndi makaniko wodziwa za waya, aike fyuzi, ndipo azilumikize podutsa pa kiyi kuti ukazimitsa njinga nazonso zizime, akalumikiza molunjika ku batire udzaiwala tsiku limodzi n'kupeza yafa. Cha ku dzanja lamanja achimate bwino chisamazungulire pachokha ndipo waya wake asamakoke thirotolo, yopatsira moto ija, iyenera kubwerera yokha ukaisiya. Komanso udziwe kuti zimatenthetsa chikhatho pomwe mphepo imamenya kuseri kwa zala, popanda chotchinga mkati muzipsa kunja kukuuma. Ine ndikanakhala iwe ndikanamuuza braz atumize magolovesi enieni a njinga a nyengo yozizira, ku Joni chisanu chake ndi choposa chathu nde amapezeka osavuta, ndipo sadya batire.

FUNSO: Amalume anzathu ena amavala magolovesi a kuchipatala aja kapena ma jumbo mkati. Zimathandiza? Komanso galasi la helemeti limachita nkhungu mpaka ndimangoyenda lili pamwamba maso n'kumatuluka misozi.
Wakabaza, Waliranji

YANKHO: Pa ulendo waufupi zimathandiza chifukwa mphepo siidutsa, koma thukuta nalonso silituluka, pakapita nthawi dzanja limanyowa ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi mwachangu kuposa mpweya maulendo oposa 20. Ukangovula pamphepo umazizidwa kuposa poyamba. Ngati ulibiretu china, pulasitiki ikhale kunja ulusi mkati, osati pulasitiki pakhungu, koma jumbo pa handulo imaterera nde ine sindingakulimbikitse. Magolovesi a raba ochapira mbale, aakulu, pamwamba pa a ulusi, ndi abwinoko ndipo amagwira. Ukaweruka uziyanika magolovesi ako, onyowa ndi mame kapena thukuta la dzulo ndi chimodzimodzi osavala. Koma osawayanika pa mbaula m'chipinda chotseka iwe n'kugona momwemo, mpweya wa makala sununkha ndipo chaka chilichonse nyengo ino timamva za anthu opezeka atafa m'nyumba.

Za galasi, nkhunguyo ndi mpweya wako womwe ukugunda pulasitiki yozizira. Paka kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale mkati mwake, upukute ndi kansalu kofewa mpaka liwale, zimagwira masiku angapo kenako ubwereze. Ulisiye lotsegula pang'ono pokwana chala chimodzi kuti mpweya uzituluka, ndipo sikafu isakwere mpaka pamphuno chifukwa imakankhira mpweya m'mwamba ku galasi komweko. Lija lakuda la dzuwa m'mamawa wa chifunga ulichotse, uike loyera. Nyale ikhale yoyaka koma ya dimu, ya fulu mu chifunga imangokubwerera m'maso, ndipo pa M12 pali njinga zakapalasa za makala ndi nkhuni zolawirira zopanda nyale ngakhale imodzi.

FUNSO: Ndimaperekeza mwana wanga wa zaka 6 ku sukulu pa njinga, ndimamukhazika kutsogolo pa thanki kuti ndizimuona. Akumafika akulira manja.
Bambo wa ana awiri, Mtunthama

YANKHO: Achimwene, pa thankipo mwanayo ndi amene akukutchingirani inu mphepo, ndipo thupi laling'ono limataya kutentha msanga kuposa lanu. Mukamanga buleki mwadzidzidzi ndi iyenso woyamba kumenya handulo. Wa zaka 6 ngati mapazi ake sakufika pa zopondera, kumbuyo yekha sikoyeneranso, akhale pakati pa inu ndi munthu wamkulu womugwira, avale helemeti ya saizi yake ndi juzi yokhala ndi jekete pamwamba, manja ake alowe m'matumba a jekete yanu akukugwirani m'chiuno. Masokosi aukhondo m'manja amagwira ntchito ngati magolovesi a ana sakupezeka pa msika, iye sakugwira buleki nde zala zake zikhoza kukhala pamodzi, zimafundanso bwino choncho.